Akakuuzani kuti lendi, funsani kaye kuti lendi yake iti

Mwezi wathawu mlamu wanga anandiimbira foni madzulo mawu ake akuchita kunjenjemera ndi mkwiyo. Akuti anapeza nyumba ku Area 25, anagwirizana ndi mayi eni ake kuti lendi ndi K90,000 pamwezi, anapereka ya miyezi itatu, analowa bwinobwino, nde pa 30 mayi aja agogoda ndi kapepala m'manja kuti madzi K7,000, mlonda wa pageti K5,000, wotaya zinyalala zakutizakuti. Iye akuti koma mayi si tinagwirizana lendi? Mayiwo akuti eya, lendi ndi ya nyumba, madzi si nyumba. Ndipo mukaimvetsetsa nkhaniyi palibe amene ananama, onse awiri anatchula liwu limodzi lomwelo koma wina aliyense anali ndi zake m'mutu.

Ine ndakhala pa lendi zaka zambiri, ku Ndirande, kenako Kawale, ndipo kumudzi ndaona ndi maso anga munda ukudanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi chifukwa cha liwu loti kubwereka. Nde zimene ndikulemba apazi ndi za mmene mungafunsire ndi mmene mungamvere mawu amenewa ndalama isanachoke m'manja mwanu, kaya ndinu wofuna malo kaya ndinu mwini malo.

Tiyambe ndi lendi yeniyeniyo. Liwuli tinatenga ku Chingerezi, kumene amati rent ponena za kulipira malo, koma ife lilime lathu silisiyanitsa r ndi l nde linasanduka lendi. Titalitenga tinalipatsanso ntchito zambiri. Munthu akati ndalipira lendi akunena ndalama. Akati ndidakali pa lendi akunena kuti sanamange yake. Akati bambo aja ali ndi malendi ku Chinsapo akunena nyumba zimene. Ndipo alandilodi ena amati alendi anga kutanthauza anthu amene akukhala m'nyumba zawo. Zonsezi timamvana popanda vuto chifukwa nkhani imadzilongosola yokha, vuto limabwera pamene pali ndalama.

Choyamba kumvetsa ndi mbali imene munthu waima. Kupanga lendi kapena kuchita lendi ndi kwa iwe amene ukulowa, kupangitsa kapena kuchititsa lendi ndi kwa mwini. Kachidutswa kakang'ono ka itsa kaja ndi kamene kamasintha zonse. Koma pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp anthu salemba zonsezo, amangoti nyumba ya lendi Chilinde 2 bedirumu, basi, nde anthu khumi amuimbira kufunsa mtengo pomwe mwiniwakeyo nayenso akusaka. Ngati mukusaka lembani kuti ikufunika kapena ndikufuna, ndi ndalama imene mungakwanitse. Ngati muli nayo lembani kuti ilipo, ndipo nenani kuti ndinu ndani pa nyumbayo.

Pamenepa mpamene anthu ambiri amapwetekera, pa funso loti akukuchititsa lendiyo ndi ndani. Pali mwini weniweni. Pali woyang'anira, mwina mchimwene wake kapena mlamu wa mwini amene ali ku Joni kapena ku UK ndipo amangotumiza ndalama zomangira. Pali ejenti, ena ali ndi maofesi ena ndi madobadoba a pamsika amene amangodziwa kuti pakutipakuti munthu akutuluka. Ndiye pali tenanti mnzanu amene akufuna kukugawirani chipinda kapena kukusiyirani nyumba yonse iye akusamukira kwina koma dzina likhalebe lake. Onsewa adzakuuzani kuti ndikupangitsa lendi ndipo si onse akunama ayi, koma mphamvu zawo ndi zosiyana. Woyang'anira akhoza kukulonjezani kuti mukhala zaka ziwiri, mwini wake kubwera pa Khirisimasi nkunena kuti ndikufuna nyumba yanga. Tenanti mnzanu uja akapanda kukapereka ndalama zanu kwa mwini, wothamangitsidwa ndinu amene katundu wanu ali mkatimo. Nde funsani mosabisa, kodi nyumbayi ndi yanu? Ngati si yanu ndilankhule ndi eni ake, olo pa vidiyo kolo. Yendani pang'ono mufunse oyandikana nawo, mayi wogulitsa tomato pa geti loyang'anana amadziwa mwini wa nyumba iliyonse mu mzere umenewo, ndipo a bloko lida kapena amfumu a m'deralo amadziwanso. Onaninso dzina limene lili pa bilu ya madzi. Ndalama ya ejenti yoonetsera nyumba si lendi, ndi yake ya iyeyo, ndipo musampatse ya miyezi itatu mwini musanamuone.

Kenako funso la mlamu wanga lija, lendi imeneyi muli chiyani mkati. Musachite manyazi kufunsa chimodzichimodzi ngati mukuwerenga katundu pa golosale. Madzi, mpopi ndi wa nyumba yanu yokha kapena wa puloti yonse, ndipo bilu ikabwera mumagawana potengera makomo kapena potengera mitu ya anthu, chifukwa mbeta imene imachoka m'mawa nkubwera usiku singalipire mofanana ndi banja la ana asanu lochapa matewera tsiku lililonse popanda kudandaula. Magetsi, mita ndi yanuyanu kapena imodzi pa mdadada wonse, mayunitsi amagula ndani ndipo pa tsiku lanji, kuphikira pa magetsi nkololedwa kapena ayi, nanga ayironi ndi firiji. Ku Kawale ndinakhalapo pa puloti ya makomo asanu ndi limodzi mita imodzi, ndipo mkangano wa mwezi ndi mwezi unali wa ketulo, aliyense kumvetsera kukhoma kuti kwa mnzake kukuwira chiyani. Tinadzamvana titakhala pansi tonse pakhonde ndi alandilodi nkulemba mu kope kuti wa firiji aziwonjezera zakuti, wa ketulo zakuti, zinatha.

Funsaninso za chimbudzi ndi bafa, ndi za anthu angati, kukolopa kumayenda bwanji, chikadzadza wopopetsa ndani. Mango ali pabwalopo ndi a ndani. Kuseri kuli kamalo, mungadzale mpiru kapena mwini amalimapo yekha chimanga mpaka pa windo lanu. Geti limatsekedwa nthawi yanji ndipo kiyi mupatsidwa kapena muzigogoda. Mlendo akabwera kuchokera kumudzi nkukhala masabata awiri pali mawu? Mungaike benchi ya mandazi kapena makala panja? Zimaoneka zazing'ono pa tsiku loona nyumba chifukwa maso amakhala pa matailosi ndi siling'i, koma zimene zimasamutsa anthu ndi zimenezi. Msonkho wa khonsolo wa nyumba uja ndi nkhani ya mwini nyumba, ngati akufuna kuti mulipire inu anene poyamba ndipo zilembedwe.

Miyezi itatu nayonso ili ndi matanthauzo ake. Landilodi wina akati miyezi itatu akunena polowa pokha, kenako muzilipira mwezi ndi mwezi. Wina akunena kuti nthawi zonse muzilipira itatuitatu. Wina pa itatuyo umodzi akuwutenga ngati dipoziti, kutanthauza kuti mwalipira miyezi iwiri yokha yokhala, wachitatuwo akusunga kuti mukadzaswa galasi kapena kusiya bilu adzadulepo. Dipoziti si lendi. Ndi ndalama yanu imene ili m'manja mwa wina ndipo iyenera kubwerera mukatuluka nyumba ili bwino. Koma kuti ibwerere pamafunika umboni wa mmene munaipezera, nde tsiku lolowa katundu asanatsike mu lole jambulani ndi foni khoma lililonse, maloko, mawindo, mng'alu wa pansi, sinki, nambala ya pa mita ya madzi, nkutumiza zithunzizo kwa landilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Alandilodi inunso chitani chimodzimodzi, zimakutetezani nonse.

Za notisi ndiye ndimamva zambiri. Ena amakhulupirira kuti landilodi akakupatsa notisi mwezi umenewo ndi waulere, ena amati ukapereka notisi wekha dipoziti ija ndiye lendi ya mwezi womaliza. Musadalire zimene munamva pa bawo, gwirizanani poyamba, notisi ndi ya masiku angati mbali zonse ziwiri, ndipo mwezi umenewo ukulipiridwa kapena ayi. Chimodzimodzi kukweza lendi, adziwitse miyezi ingati isanakwane. Ndipo zokonza nyumba ndi ndalama yanu poganiza kuti mudzadula ku lendi, musagule olo thumba limodzi la simenti asanavomere mwini polemba meseji, chifukwa mawu oti konzani tidzaona amatha kutanthauza kuti zikomo pondikonzera nyumba. Kwa alandilodi, munthu akalephera kulipira kuchotsa chitseko kapena kusasula malata ana ali mkati si njira, ine zimenezi zimandipweteka mtima ndikaziona. Pitani kwa a bloko lida, zikakanika kuli khoti la majisitireti.

Tsopano tipite kumudzi, kumene kuli liwu limene ine ndimaliona kuti ndi loopsa kuposa lendi, kubwereka. Liwuli ndi lathulathu ndipo limayenda mbali zonse ziwiri. Ndabwereka khasu ndiye kuti ndatenga kwa wina. Wandibwereka khasu ndiye kuti wandipatsa. Ndibwerekeniko ndi pempho. Muli kubwera mkati mwakemo, chinthu chimene chapita koma chibwerera kwa mwini wake chomwecho osati china. Nchifukwa chake mchere kapena ufa kwenikweni sitibwereka, ndalama timakongola, pakuti zimene udzabweze si zomwe unatenga zija. Koma chimene liwuli silinena ndi chakuti pali malipiro kapena palibe, ndipo silinena kuti mpaka liti. Munthu akati ndabwereka munda kwa a malume akhoza kukhala kuti sanapereke kalikonse, kapena wapereka ndalama, kapena adzapereka matumba awiri a chimanga pokolola. Onsewo ndi kubwereka.

Azakhali anga anali ndi munda wa kumtunda umene unawakulira amuna awo atamwalira. Kunabwera bambo wina wa mudzi woyandikana nawo, munthu waulemu wake ndithu, anagwada pakhomo nkuti mayi ndibwerekeniko kachigawo ka kumusi kaja ndilimeko chaka chino. Azakhali anati limani bambo, thengo lingandithandize chiyani. Panalibe mboni kupatula nkhuku za pabwalo. Chaka chimenecho anabweretsa dengu la mtedza kuthokoza, chaka chinacho lichero la nyemba, kenako zinangozolowereka, analima zaka zambiri ndithu, anadzalamo nthochi ndi mitengo ya bulugama m'malire ndipo palibe anamuletsa chifukwa ankati nanga si munthu wabwino. Bambo aja atamwalira ana awo anati munda ndi wa bambo athu, tabadwa tikulima muno, mitengo iyi anadzala ndi iwo, ndipo mtedza ankapereka uja kunali kugula pang'onopang'ono. Anawo sankanama mwadala, ndi zimene anakula akuona. Nkhani inakafika kwa a nyakwawa, kenako kwa a gulupu, inatenga nthawi, ndipo chimene chinapulumutsa azakhali ndi agogo ena awiri amene ankakumbukira malire akale. Mundawo unabwerera koma mabanja awiriwa mpaka lero olo pa maliro amapatsana moni wa patali.

Nde ngati mukubwereketsa munda kapena dimba, kapena ndinu wa m'tauni amene mukufuna kukachita lendi maekala awiri ku Mitundu kapena ku Mchinji kuti mulime soya, mverani izi. Pitani nonse kwa amfumu, musangomvana awiri pa msewu. Funsani ngati amene akukupatsaniyo ali ndi mphamvu pa mundawo, chifukwa kwathu kuno kumene anthu amatsata chikamwini munda nthawi zambiri ndi wa mbumba, mkamwini sangaubwereketse yekha popanda mkazi wake ndi eni mbumba kudziwa, ndipo mwana amene wangofuna ndalama ya msangamsanga akhoza kukulozerani munda wa amayi ake iwo osadziwa. Zimachitikanso kuti munda umodzi walandiridwa ndalama kwa anthu awiri, mumakumana pa tsiku logalauza aliyense ndi aganyu ake. Yendani malire onse ndi mapazi pamodzi ndi oyandikana nawo munda, ndipo ekala muyeze, pakuti ekala ya pakamwa imakhala yaikulu polipira nkuchepa polima.

Kenako liwu loti chaka. Mwabwereka chaka chimodzi, chabwino, chaka chimenechi chikutha liti? Kwa mwini munda chimatha mukangokolola chimanga mu Epulo kapena Meyi. Koma ngati munadzalamo nandolo, nandoloyo amakhala m'munda mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala, chinangwa ndiye chimapitirira pamenepo, ndipo ku midzi yambiri anthu akangokolola amamasula mbuzi ndi ng'ombe. Nde nenani mbewu zimene mudzale ndi mwezi umene mudzatuluke. Mapesi ndi a ndani, mwini akufuna atsale kuti awolerane m'munda kapena inu mukufuna kudyetsa ziweto. Mango ndi mapapaya amene munawapeza ndi a mwini pokhapokha atanena yekha kuti idyani. Mitengo, nthochi, nzimbe, chilichonse chokhalitsa musadzale, ndipo eni minda musalole, osati chifukwa cha nkhanza koma chifukwa mtengo kumudzi umayankhula ngati mboni ya umwini. Pali chinanso chimene chimawawa obwereka, wathira manyowa ngolo zingapo, wakonza migula, nthaka yayamba kubwerera, chaka chamawa mwini akuti ndilima ndekha kapena wapatsa wina wolipira zambiri. Ngati mukudziwa kuti muwononga ndalama pokonza nthaka pemphani zaka ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi ndipo mtengo wa chaka chilichonse unenedwe lero. Ngati malipiro ndi a matumba, nenani thumba la makilogalamu 50, chimanga chotongola ndi chouma, ndipo mugwirizane kuti mvula ikavuta zidzakhala bwanji.

Olo mukumubwereka m'bale wanu munda ulere, chaka chilichonse azibwera kudzapemphanso pamaso pa anthu. Kupempha kwa chaka ndi chaka kumeneko ndi kumene kumakumbutsa ana ndi adzukulu kuti mwini ndi ndani.

Pinyolo ndi nkhani ina, musaisakanize ndi lendi olo kuti kunja zimaoneka zofanana, wina akulima munda wa mnzake kapena akutolera ndalama pa nyumba ya mnzake. Pa lendi ndalama imapita osabwerera ndipo nthawi ikatha malo amabwerera okha. Pa pinyolo mwini walandira ngongole, malo ndi chikole, ndipo sabwerera mpaka ngongole itabwezedwa. Anthu ambiri amalowa pinyolo pa nthawi ya matenda kapena fizi ya mwana, mutu usakugwira, nkumaganiza kuti poti mnzangayu akulima zaka zitatu ndiye kuti ngongole ikudzidula yokha, pomwe winayo akuwerenga kuti ndalama yake idakali yonse ndipo tsiku likadutsa munda ndi wake. Funsani funso limodzi ili, kodi zimene mukukolola kapena kutolerazo zikuchotsera ngongole kapena ayi? Ndipo mawu oti ndikalephera mutenge musawalembe pa malo a banja.

Lizi ndiye ndi lendi ya mtundu wina imene ambiri sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Munthu amati ndinagula puloti, ndili ndi mapepala a ku Lands, koma mukawerenga pepalalo mupeza kuti boma lakupatsani malowo kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 pa malo omangapo nyumba, ndipo minda yambiri ya maesiteti inapatsidwa ya zaka 21. Nyumba ndi yanu, mukhoza kugulitsa, kusiyira ana, kukaikitsa chikole ku banki, koma nthaka ili ndi mwini wake ndipo chaka chilichonse pamakhala kandalama kolipira kwa amene anakupatsani liziyo, kaya ndi unduna wa za malo, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Imeneyonso ndi lendi, ya nthaka, ndipo ndi yosiyana ndi msonkho wa khonsolo. Anthu amaiwala kulipira zaka ndi zaka nkudzadzidzimuka tsiku logulitsa kapena losintha dzina. Nde pogula malo amene ali pa lizi funsani kuti zatsala zaka zingati, ngongole ya lendi ya nthaka ilipo kapena ayi, malowo anaperekedwa kuti pakhale nyumba, shopu kapena munda, ndipo kafufuzeni nokha ku ofesi ya za malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo. Malamulo a za malo anasintha mu 2016 nkukonzedwanso mu 2022, nde pa nkhani ya malo aakulu musadalire zimene ankachita bambo anu kale, kafunseni. Amabizinesi nawonso amati lizi ponena pangano lolemba la shopu kapena ofesi la chaka kapena zaka zingapo. Imeneyo ndi lendi wamba yolembedwa bwino, siikupatsani umwini uliwonse, ndipo muwerenge ndime yonena za mashelefu ndi zina zimene mwamangamo, kuti potuluka muzula kapena zitsala.

Liwu la tenanti nalonso samalani nalo malinga ndi kumene muli. Ku Zingwangwa tenanti ndi munthu wolipira nyumba. Ku Kasungu, Mchinji, Mzimba kapena Rumphi mukati tenanti anthu amva wa ku esiteti ya fodya, amene amabwera ndi banja lake mwina kuchokera ku Mulanje kapena Phalombe, kupatsidwa malo, mbewu, feteleza ndi chakudya pa ngongole, kulima chaka chonse, nkugulitsa fodyayo kwa mwini esiteti yemweyo amene amadula zonse zija asanampatse chotsala, ndipo nthawi zina chotsala sichikhalapo. Ameneyu dzina ndi la wobwereka malo koma moyo wake ndi wa wantchito wopanda malipiro a pamwezi, ana ake nkumathandiza kusoka fodya m'malo mopita ku sukulu. Mu 2021 lamulo la za ntchito linasinthidwa nkuletsa dongosolo limeneli. Nde wachibale akakuuzani kuti ndapeza malo a utenanti, mufunseni bwino kuti malipiro ake ndi otani ndipo alembedwa pati.

Ndikaganiza za matenanti ndimakumbukira liwu lina limene linasinthidwa tanthauzo dala, thangata. Kwa makolo athu kuthangata kunali kuthandizana, lero tilime kwanu mawa kwathu, ndipo mpaka pano timati ndithangateni. Azungu atatenga malo aakulu ku mapiri a Shire cha m'ma 1890, anthu amene anapezeka akukhala pa malowo, ndi Alomwe ambiri amene ankachokera ku Mozambique, anauzidwa kuti lendi yawo azilipira ndi ntchito, mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, m'nyengo ya mvula imene munthu amafunika m'munda mwake, ndipo mwezi wake umatha kutalikitsidwa mmene mwini esiteti wafunira. Ntchito yokakamiza imeneyo anaitcha thangata. Nkhanza za ku esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915, ndipo thangata anadzathetsedwa mu 1962. Lero likadalipo pangano lofanana nalo pang'ono, loti khalani mu boizikota ulere muzingoyang'anira pakhomo. Si loipa ayi, lathandiza ambiri, koma kuyang'anira kumeneko kutanthauziridwe, ndi kugona pamalopo basi kapena ndi kusesa, kuthirira maluwa, kutsegula geti pakati pa usiku ndi kusapita kumudzi olo pa maliro. Ngati ndi ntchito ikhale ntchito ya malipiro ake.

Hayala sindikhalitsapo, ndi ya zinthu zoyenda ndi za kanthawi, galimoto, matenti ndi mipando ya pa ukwati, zokuzira mawu, holo ya tsiku limodzi. Pamenepo funsani za mafuta, dalaivala, ola lobweza ndi wolipira chikasweka, basi.

Pomaliza pake pepala. Sikuti mpaka loya pa chipinda chimodzi cha ku Mtandire kapena theka la ekala, tsamba la mu kope likwanira, lolembedwa m'Chichewa chomwechi kuti aliyense amve. Lembani deti, mayina onse awiri ndi manambala a ziphaso za unzika, malo ake ndi ati, ndipo liwu limene mwasankha mulimasulire pomwepo. Mwachitsanzo, ine uje ndabwereketsa munda wanga wa ekala imodzi kwa uje, sindinagulitse ndipo si pinyolo, alima chimanga ndi nandolo kuyambira Okutobala chaka chino mpaka kumapeto kwa Seputembala chaka chamawa, walipira ndalama zakuti zonse, sadzadzala mitengo, akafuna kupitiriza tidzalemba pepala lina. Ya nyumba chimodzimodzi, lendi ndi zakuti pamwezi yolipira pofika pa 5, madzi ndi magetsi mulibemo, wapereka ya miyezi iwiri ndi dipoziti ya mwezi umodzi imene idzabwezedwe potuluka, notisi ndi mwezi umodzi wolipira mbali zonse. Mboni ziwiri, wina wa mbali yanu wina wa mbali yawo, ndipo pa munda pakhale chidindo cha amfumu. Amene sadziwa kulemba adinde chala, koma wina amuwerengere mokweza kaye pamaso pa mbonizo.

Achikulire ena amakhumudwa mukatulutsa pepala, amati mwana iwe sukundikhulupirira. Ine ndimawayankha kuti agogo inu ndikukukhulupirirani, pepalali ndi la ana anu ndi ana anga amene sanamve zimene takambiranazi, ndipo ambiri amavomera. Lembani awiri ofanana aliyense atenge lake, mulijambulenso ndi foni nkudzitumizira pa WhatsApp kapena kutumizira m'bale wanu, pakuti mapepala m'nyumba zathuzi amadyedwa ndi chiswe. Polipira mwezi ndi mwezi, ngati ndi pa Airtel Money kapena Mpamba meseji ija musafufute, ngati ndi pamanja gulani kakope kakang'ono landilodi azisainamo nthawi iliyonse. Mlamu wanga uja anabwerera kwa mayi aja ndi kope Lamlungu masana, anakhala pakhonde, madzi anavomera kuti azilipira yekha, za mlonda anagawana pakati, ndipo analemba zonse mpaka za mapeyala a pa mtengo wa kuseri.